Mpunga m'Chigayo cha Khofi

Mphuno yangayi sinandinamizepo. Ndanunkhiza khofi m'minda ya ku Colombia, m'misika ya ku Addis Ababa, m'tinjira ta ku Naples. Ndinayamba ndi chiwaya chimodzi m'galaja ya amalume, lero khofi wabwino aliyense mumzinda wa Tacoma muno amatuluka m'thumba lolembedwa dzina langa, Aldo Scarpelli. Koma zimenezo n'zazing'ono. Ine ndimanunkhiza munthu! Akangolowa pakhomo ndimadziwa ngati adzadzukanso kapena wagweratu. Mukuseka? Imvani za Orrin Teasdale, inu amene mwakhala pansi n'kumati zanu zatha.

Orrin anagwira ntchito pa fakitale ya mapepala kuyambira ali mnyamata. Mliri uja utafika unamugoneka pamodzi ndi mkazi wake, Lenore. Iye anadzuka, mkaziyo sanadzuke. Ndipo anadzuka wopunguka, pakuti mphuno yake inafa. Sankamvanso fungo lililonse, chakudya chinkangokhala ngati katoni yonyowa m'kamwa.

Kenaka fakitale inatsekedwa. Lendi inamukulira, nyumba inapita. Mwana wake mmodzi yekhayo, Junie, anatengedwa ndi mlamu wake Bernadette kupita naye ku Spokane, kuseri kwa mapiri. Akhoti ananena mawu ochepa: mwana adzabwerera bambo ake akadzapeza denga ndi ntchito yooneka.

Denga la Orrin linali galimoto yakale yodontha, ya mtundu wa vani. Lamulungu lililonse ankaimbira mwanayo foni.

"Adadi, mukukhala kuti tsopano?"

"Malo abwino, mwanangu. Pazenera ndimaona sitima zapamadzi. Zikanditopetsa ndimasuntha nyumba yonse."

Bernadette analanda foniyo. "Alamu, musamanamize mwana. Sukulu zikatsegulira ndimulembetsa kuno, azolowere."

Mukudziwa mmene timachitira kuno: katundu akatitopetsa timamuika m'mbali mwa msewu, n'kulembapo kuti n'zaulere. Nthawi ya mliri aliyense anagula makina opangira khofi wa esipureso, aliyense anadziyesa katswiri. Khofi atayamba kuwawa, anati makina afa. Orrin anatola amodzi, n'kuwamasula poganiza zogulitsa zitsulo. Sanapeze chothyoka. Sefa inali yakuda bii ndi mafuta akale a khofi, kapaipi ka nthunzi katatsekeka ndi mkaka wouma. Makinawo sanafe, ankangofuna kusamba.

Anawatsuka pampopi wa m'paki, zala zitauma ndi kuzizira, n'kukawagulitsa pamsika wa Loweruka. Anatola ena, ndi enanso. Foni yake inayamba kulira. Anayambanso kumeta ndevu.

Ndiye Mayi Lindqvist, mphunzitsi wopuma, anamuitana. Anali ndi chigayo cha khofi cha ku Italy, cholemera ngati mwana, mphatso yomaliza ya malemu amuna awo. Ankangofuna kuti chitsukidwe.

Pali nzeru imodzi yopusa imene imayenda khomo ndi khomo m'dziko lino, yakuti ukafuna kuyeretsa chigayo cha khofi ugayemo mpunga wosaphika. Orrin anaimva kwa anthu ambiri, ndipo m'tizigayo totchipa inkaoneka ngati ikugwira. M'galaja ya mayiwo anathira kapu yodzaza, n'kuyatsa, n'kutembenuka kukatsuka zitsulo zina m'beseni. Mpunga ndi wolimba kuposa khofi. Mano a chigayo analumana, mota inabuula, waya anayamba kupsa. Iye ali chiweramire pabeseni, akuimba mluzu.

Mayi Lindqvist anatuluka m'nyumba akuthamanga.

"Bambo inu! Simukumva kupserera?"

"Sindikumva, mayi."

"Simukumva bwanji? Msewu wonse ukumva!"

"Mphuno yanga inafa, mayi."

"Ndiye mumagwiriranji zinthu za anthu?"

Funso limenelo linamukhala pamtima ngati mwala. Mayiwo analemba nkhaniyo pa tsamba la pa intaneti la anthu a m'deralo, ndipo foni ya Orrin inakhala chete ngati nayonso yapsa. Chigayo chakufacho mayiwo anamuponyera m'vani, nati asadzaonekenso.

Orrin anafika pamalo anga okazingira khofi m'mawa wina wamvula, atanyamula makina omaliza oti agulitse. Asanatsegule pakamwa, mphuno yanga inali itamuwerenga yense: zovala zachinyezi za munthu wogona m'galimoto, m'mimba mopanda kanthu, waya wopsa, mpunga wopserera.

"Wapha chigayo cha ndani ndi mpunga, iwe?"

Anatsala pang'ono kugwetsa makinawo. "Nanunso mwawerenga, Bambo Scarpelli?"

"Ine sindiwerenga, ndimanunkhiza. Ika apo."

Panali fungo linanso pansi pa onsewo, ndipo limenelo ndi limene linandiimitsa. Manja ake ankanunkhira sopo wotsukira makina. Ndinatembenuza makinawo, ndinachotsa chivindikiro, ndinasuzumira m'kati momwe safikako diso la wogula. Mbee! Ngakhale tizomangira tinali titapukutidwa.

"Munthu wosasamba iwe, unatsukiranji m'kati muno? Ndani amaonamo?"

"Palibe," anatero. "Koma ndikasiya kutsuka ndimayamba kuganiza."

Sindinagule makinawo. Ndinamulozera ngodya ya kuseri komwe kuli magetsi ndi mpopi, n'kumuponyera matumba a khofi wokhalitsa amene sindikanagulitsa, wolemera mapaundi makumi anayi.

"Uphunzirirepo. Koma si mphatso, mphwanga. Scarpelli sanalemere ndi mphatso. Udzabweza."

Ndinamuphunzitsa monga ndinaphunzirira ine, mokalipa. Chigayo sichidya mpunga, sichimwa madzi. Uzimitse, uchotse mano ake, usese ndi burashi youma, uwuzire, ubwezeretse, ugayemo khofi wodzaza dzanja n'kumutaya. Munthu akakufunsa choti agule, umuuze ayambe ndi chigayo chabwino, makina adzabwera pambuyo, chifukwa ufa woipa sukonzeka ndi makina onyezimira. Ndipo popeza mphuno ulibe, gwiritsa ntchito khutu ndi diso. Khofi akamatsika mothamanga, wotuwa, ufa wakula. Akamadontha ngati misozi, ufa wasalala kwambiri. Azitsika wowonda, wosaduka, ngati mchira wa mbewa.

Musaganize kuti zinayenda. Iye ankapanga kapu, ine ndinkalawa n'kulavula. "Madzi otsukira mbale awa!" Ankapanganso. "Phula la pamsewu!" Dzinja lonse linatha choncho, matumba akuphwa. Sukulu zinatsegulira, Junie analembetsedwa ku Spokane. Lamulungu lina mwanayo analankhula mawu awiri okha pafoni, nati akuthamangira kwa anzake.

Orrin anasiya kubwera. Ndinakamupeza masana, vani itaima pafupi ndi doko, iye ali pampando woyendetsera, ndevu zitameranso, akungoyang'ana madzi akuyenderera pagalasi.

"Bwererani, Bambo Scarpelli. Mukutaya khofi wanu. Ndikupanga chinthu chimene sindidzachimva kukoma mpaka kufa. Mwana naye wandiiwala. Mwina kumeneko n'kwabwino kwa iye."

Ndayenda maiko ambiri, ndamva mawu achisoni m'zinenero zambiri, koma onga amenewo ndinali ndisanawamvepo. Ndinangomenya chitseko cha vaniyo.

"Kodi mzamba amabereka yekha ana onse amene amawalandira? Tsika! Ukafuna kufa, uyambe wabweza khofi wanga."

Anaseka, kuseka koipa, kopanda mphamvu. Koma m'mawa mwake ndinamupeza pangodya paja.

Khutu lake linayamba kutseguka. Ankatsinzina, n'kumvetsera chigayo chikulira, n'kunena kuti mano atha, kapena muli kamwala, kapena mafuta aunjikana. Tsiku lina anandipatsa kapu, ndinalawa, ndinafunafuna chotukwana, osachipeza. Ndinameza.

"Bwanji?" anafunsa.

"Kwa munthu wopanda mphuno, si zoipa kwenikweni."

Chigayo cha Mayi Lindqvist sanachitaye. Anayenda misewu miyezi yambiri kufuna chinzake chotayidwa, mpaka anachipeza chosweka thupi koma mota ili yamoyo. Anasamutsa motayo, anasesa mpunga womaliza m'mano, n'kupita kukagogoda pakhomo pomwe anamuthamangitsa.

Mayiwo sanamuuze kuti alowe. Anachilumikiza pakhonde, anathiramo khofi, anayatsa. Anaima nthawi yaitali atagwira chigayocho ndi manja awiri.

"Chikulira ngati kale," anatero. Kenaka anapukuta m'maso. "Ndipo inu mugule belu lochenjeza utsi, muliike pomwe mumagwirira ntchito."

Analembanso pa tsamba lija. Foni inadzuka pang'onopang'ono. Orrin anachita lendi kachipinda kokonzera zigayo ndi makina, kokhala ndi zipinda ziwiri zogona pamwamba, ndipo chinthu choyamba kukhoma padenga chinali belu la utsi. Akhoti anaona denga, anaona ntchito.

Junie anabwera atatalika, atameta tsitsi mwa mtundu umene bambo ake sanaudziwe. Zaka zimene zinapita sizinabwerere. Ndinalipo tsiku limenelo. Mwanayo anaima pakhomo ndi chikwama chake ngati mlendo, osadziwa poika manja. Kenaka anakoka mpweya.

"Adadi, muno mukununkhira ngati kukhitchini kwa amayi m'mawa."

Orrin anagwira tebulo. "Ndiuze, mwanangu. Kumanunkhira bwanji? Ine ndinaiwala."

Ndinatuluka panja. Mphuno yanga inali ikuchucha, ndipo sichinali chimfine.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso mwaikidwa m'mbali mwa msewu, anthu akuti munafa. Sindikunamizani kuti zonse zimabwerera. Lenore sanabwerere, mphuno ya Orrin sinabwerere mpaka lero. Koma chimene chatsala m'manja mwanu chigwireni, muchitsuke ngakhale m'kati mosaoneka. Mtima wokhawo musautaye pamsewu, chifukwa umenewo palibe adzakutolereni.

Nanga khofi wanga? Orrin anabwera naye Loweruka lina, Junie akukankha ngolo. Ndisanatsegule thumba, mphuno inandiuza kale: anakagula kwa mdani wanga, wokazinga khofi wa kutsidya kwa mlatho, munthu amene amapsereza nyemba ngati makala!

"Wandibweretsera chiyani, chitsiru iwe?"

"Ndinaopa mudzati ndakubwezerani ndi wanu womwe, Bambo Scarpelli. Komanso ine sindimva kusiyana."

Ndinaika pasikelo pamaso pa antchito anga onse. Mapaundi makumi anayi, osapunguka nyemba imodzi.