Zala za Amayi pa Khoma

Eninyumba kuno ku Balaka atumiza laimu kuti ndipake chipinda chimene mkazi wanga anamwaliriramo. Fungo lake landibweza kwathu ku Ntaja.

Amayi ankazira khoma lathu ndi dothi lofiira, zala zawo n'kumasiya mizere. Atamwalira, ababa analetsa aliyense kuzirapo. Tsiku lina achipani anadzalamula kuti nyumba zonse za m'mbali mwa msewu ziyere, kukubwera alendo aakulu.

"Iyayi, khoma lokhali lisiyeni," anatero ababa.

"Achimwene, mukufuna mukafotokoze ku Boma?" anafunsa mmodzi wa achipaniwo.

Ababa anapaka okha laimu, pang'onopang'ono, misozi ikutsika. Ine ndinkadumphadumpha, kukondwa kuti nyumba yathu yafanana ndi sitolo.

"Laimu amawawa m'maso," anandiuza, ndipo ndinakhulupirira.

Alendowo sanadutse n'komwe. Ababa anakalambira m'nyumba yoyerayo osatchulanso dzina la amayi. Kwa ine, zaka zoterozo zikungoyamba kumene.