Sofiya ndi madzi a ku Chinyunyu

Madzi otentha a ku Chinyunyu amanunkha ngati mazira owola, ndipo m'mawa wa nyengo yozizira nthunzi yake inkakwera pamwamba pa udzu mpaka munthu wa kutsidya osaoneka. Ife tinakulira m'fungo limenelo. Wa mphere, wa nyamakazi, wodzitema ndi khasu, aliyense ankapita kukaviika thupi kumeneko. Ine ndinali mnyamata wamkulu ndithu, koma sukulu ndinali ndisanayambe. Ndinkaweta mbuzi za atate.

Chaka chimenecho chimanga chinadzaza nkhokwe, makoswe nabwera ngati oitanidwa. Wotiteteza anali chona wathu wamawangamawanga, Sofiya. Tsiku lina anakodwa mumsampha wa waya wotchera nkhanga, nafika pakhomo akukwawa, pamimba patang'ambika.

Amai anamuika m'dengu, ndipo ndinapita naye kwa ba Tembo, a boma oona za ziweto, amene anali ndi kachipinda pafupi ndi msewu waukulu. Munali tebulo limodzi, fungo la dibi, ndi khola la agalu odikira jekeseni ya chiwewe. Ba Tembo anamugoneka ndi mankhwala, nasoka bwinobwino. Koma anati sangamusunge, chifukwa malo okhawo anali pafupi ndi agaluwo, ndipo chona wodwala akamva kuuwa amafa ndi mantha. Anandiuza kuti agone pofunda, pamdima, ndipo bala lisanyowe. Chifukwa chake sananene, inenso sindinafunse.

Kunyumba atate anakana kuti alowe. Anati chona wogona pamphasa ya munthu, m'mudzi adzati tikuweta za ufiti. Sofiya anagona m'khitchini yopanda chitseko, mphepo ya mwezi wa Juni ikulowa mmene ifunira. Sankalira, sankadya, ankangoyang'ana khoma. Azakhali atamuona anaseka, nati aboma amadziwa ng'ombe chabe, bala lililonse limamvera madzi athu. Ndinamunyamula kupita naye ku madzi otenthawo, ndinatunga madziwo m'chikho, ndi kumuthira pamimba pang'onopang'ono monga tinkachitira ndi makanda.

Posakhalitsa ulusi unafewa, bala linayasama ndi kuyamba kununkha. Ndinabwerera naye kwa ba Tembo. Iwo ananunkhiza ubweya wake, nazindikira kumene ndinapita naye. Sanandikalipire. Anatsuka, anasokanso, kenaka anandikweza panjinga yawo, dengu lili pamiyendo panga, mpaka pakhomo pathu.

"Ba Lungu," anatero kwa atate, "makoswe akamaliza nkhokweyi, oopa ufitiwo adzakugawirani ufa?"

Atate anayang'ana nkhokwe ija. Kenaka anavula jekete lawo lakale naliyala okha kunsi kwa bedi. Ba Tembo anadula mkono wa malaya anga ong'ambika namuveka Sofiya kuti asanyambite ulusi. Ine ndinkamutafunira kapenta ndi kumuikira pachala. Atayamba kunyambita chalacho ndi lilime lake lokakala, amai anatuluka panja kukauza azakhali. Mphepo ya Ogasiti isanayambe, tinapeza khoswe woyamba atagonekedwa pakhomo.

Pa nthawiyo ndinkakhulupirira kuti singano ndiyo inamuchiritsa, ndipo ine ndiye ndinatsala pang'ono kumupha. Maganizo amenewo ndakalamba nawo. Koma masiku ano mdzukulu wanga akanyamula chona wake kukwera minibasi kupita kwa dokotala ku Lusaka, sindimufunsa za luso la dokotalayo. Ndimangomufunsa kuti akabwerako chonayo adzagona pati.