Mpweya wa a Fuu

A Fuu anayamba ngati wokonza mawotchi, ndipo dzinali analipezera komweko. Kafumbi kakagwera m'wotchi, iwo ankangoti fuu, kachoka. Chizolowezicho chinawakanirira. Tiyi, magalasi, kalata yochokera kubanki, zonse ankayamba aziuzira kaye. Akazi awo ankawaseka kuti munthu ameneyu akanakhala wamtali akanauzira ndi dzuwa lomwe.

Anthu atasiya kukonzetsa mawotchi, manja awo osanjenjemera aja anawapezera ntchito ku labotale ina. Kumeneko ankayesa kusunga zinthu za pakompyuta pa kambale kochepa ngati chikhadabo. Timasingano tosaoneka ndi maso tinkaboola timaenje pa kambaleko, ndipo kadzenje kalikonse kankasunga kachidutswa ka uthenga. Timaenje tikathithikana, kambale kankasunga zambiri. Ntchito ya a Fuu inali kuika timasingano m'makina ndi kunyamula timbale, atavala ovolosi yoyera, magolovesi ndi chophimba kukamwa. Zaka khumi ndi zinayi sanagwetsepo kanthu, ndipo ankazinena zimenezi kwa aliyense, wofunsa ndi wosafunsa yemwe.

Wotsogolera gulu lawo anali mayi wa msinkhu wa mwana wawo woyamba, amene onse ankangomuti Dokotala. Kwa miyezi isanu ndi itatu ankalimbana ndi kuyandikizitsa timaenje kuposa kale lonse. Kambale komaliza ndiko kanayenera kutsimikizira akuluakulu kuti njira yake ikugwira. Kakanalephera, kafukufuku wake akanatsekedwa.

M'mawa wa tsiku loyesa, a Fuu atanyamula kambaleko, magalasi awo anachita nthunzi, ndiye anatsitsa chophimba kukamwa pang'ono. Apo anaona kaulusi pamwamba pa kambale. Mutu usanaganize n'komwe, pakamwa panali patachita kale zake. Fuu!

Makina atayamba kuwerenga, timasingano tinkamatirira m'chinyontho cha mpweya wawo uja, uthenga n'kutuluka wosokonekera. Akuluakulu anagamula kuti timaenje tathithikana mopyola muyeso, njira ya Dokotala njosathandiza. A Fuu anangoti zii. Bambo wa imvi zake, kukhala duu ngati mwana woba shuga! Manyazi anawadya masiku anayi, chakudya osatsika, ndipo akazi awo akafunsa ankanamizira mutu.

Tsiku lachisanu anagogoda pa ofesi ya Dokotala, n'kumupeza akulongedza mabuku m'katoni. Anaulula zonse ali chiimire, maso ali pansi.

"Ndinadziwa tsiku lomwelo, bambo," anatero Dokotala. "Madontho a mpweya wa munthu amaoneka bwinobwino pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono. Nanga muno amauzira zinthu ndaninso?"

A Fuu anafunsa chifukwa chimene sananenere. Iye anayankha kuti iwo kwawatsalira chaka chimodzi chokha kuti apume pantchito mwaulemu, pamene iye akadali ndi nthawi, akayambiranso kwina.

Zimenezi zinawapweteka kuposa kukalipiridwa. Iwo akubisa, kunali mwana wa eni ake akuwasenzera mlandu mwakachetechete. Anatuluka osatsanzika, nakwera masitepe kupita kwa akuluakulu.

Akuluakuluwo atamva zonse, anamupatsa Dokotala miyezi ina itatu. A Fuu anauzidwa kuti asiye ovolosi ndi makiyi pachipata.

Atafika kunyumba masana dzuwa lili pamutu, akazi awo sanafunse zambiri. Anangowaikira tiyi wowira patebulo. A Fuu anakweza kapu, milomo inayamba kale kusongoka, koma anaibweza milomoyo. Anamwa choncho osauzira, lilime n'kupsa.