Ntchito Yanga Inali Kuthawa Mpira

Mpira wa ku Australia ndinauyamba chifukwa cha neba wanga ku Hillfields, mnyamata wa ku Australia komweko amene anali nesi kuchipatala cha ku Walsgrave. Munali m'ma 1990, ine ndili payunivesite ku Coventry. Timu yawo inkaperewera anthu, ndiye Loweruka lina anandikokera ku Birmingham.

Mpira wake ndi wosongoka uku ndi uku, umagwiridwa ndi manja, ndipo golo ndi mitengo inayi yopanda neti, chigoli chenicheni n'kudutsitsa mpira pakati pa iwiri yaitali. Kochi ataona kufupika kwanga anakanda ndevu.

"Iwe mpira usaulakelake," anatero. "Ukaona ukubwera, thawira m'mbali mwa bwalo. Wokulondera akutsatira, ndiye kutsogolo kwa golo kutsala mpata woti chimtali chathu chithamangiremo."

Nditafotokoza zimenezi kutchalitchi, mkulu wina wa ku Dedza anaseka mpaka kugwira pamimba.

"Achimwene, makolo anakutumizani kuno kudzathawa mpira?"

"Mubwere mudzaone amene akuthamangitsa mnzake," ndinawayankha. Sanabwere, inenso sindinasiye.

Tsiku lina tinasewera pabwalo lamatope ku Walsall. Wondilondera anali chimzungu cha khosi ngati mtondo. Masewera asanayambe n'komwe anandigunda chigongono pamlomo, n'kundifunsa ngati ndasochera. Ndinalavula magazi.

Mpira ukamabwera, ine liwiro kulowera kumzere wa m'mbali, iye pambuyo panga wefuwefu. Kumbuyo kwathu bwalo linkatsala yasa, chimtali chathu n'kuwakha mpira popanda womupinga, n'kumwetsa. Tinatero mpaka anzake a wondilondera uja anayamba kumukalipira.

Kenaka anatulukira. Anasiya kunditsatira, n'kukaima pampata paja, manja m'chiuno. Ndinapezeka ndili ndekhandekha. Ndinakuwa m'Chichewa, chifukwa Chingerezi chinali chitandithawa:

"Kuno! Ponya kuno!"

Neba wanga anamva mawu anga, naumenya. Unandifikira pachifuwa, phi! Lamulo lake n'lakuti ukawakha mpira woti wina waumenya, palibe wokukhudza mpaka nawe uumenye. Kochi ankakuwa kuti ndipatsire chimtali, koma ine mlomo unkawawa, ndipo chimzungu chija chinali chitaima patsogolo panga, manja m'mwamba. Ndinabwerera m'mbuyo, ndinapukuta matope kunsapato, n'kuumenya ndekha. Unadutsa pamutu pake, pakati penipeni pa mitengo iwiri yaitali.

Titapuma kochi anandikalipira kuti sindimva. Ndinamuuza kuti akandisiyanso ndekha ndidzamenyanso. Anandiponyera botolo la madzi, nati ndikatsuke mlomo tibwerere m'bwalo.