Tsiku Limene Tinawina Mlandu wa Usipa

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cholephera mayeso, choncho makolo musawaonetse ana ndime ino. Ndinapita kukoleji ku Zomba kukaphunzira zamalamulo. Chaka chachiwiri aphunzitsi anakhala pansi n'kugwirizana kuti dziko likhoza kuyenda popanda ine. Ndinabwerera kwathu kwa Maganga ndi buku limodzi, tayi imodzi, ndi Chingerezi chokwanira kuopsezera mbuzi.

Amalume ndi amene ananditengera kwa a Kaphale, loya wa ku Lilongwe yemwe ankabwera ku Salima kudzaona abale. Nditawauza kuti sukulu sindinamalize, nkhope yawo inawala.

"Ndiwe amene ndimafuna," anatero. "Ukanakhoza ndikanakubweza."

Ana a lero sangamve izi popanda kuwafotokozera. M'zaka za m'ma 1980, nthawi ya chipani chimodzi, kunali makhoti otchedwa a chikhalidwe, komwe loya sankaloledwa kuimira munthu. Ankati loya amasokoneza chilungamo. Ndiye munthu wosadziwa kulemba dzina lake ankaima yekha pamaso pa boma lonse, ati ndiye chikhalidwe chathu chimenecho. Ine sindinamvepo agogo anga akunena kuti wotsutsidwa azikhala wopanda womunenera, koma kaya, mwina pomwe zimenezi zinkaphunzitsidwa ndinali nditachotsedwa kale. A Kaphale sakanalowamo. Ine ndikanalowa, pakuti pamaso pa lamulo sindinali kanthu.

Ntchito inkayenda motere. Abale a womangidwa akabwera, ndinkamva nkhani yonse n'kuilemba pa makina akale otayipira, pepala limodzi langa, lina la bwana. Kaboni wa pakati tinkamuwotcha, chifukwa kaboni saiwala. Ndinkakwera basi kukapereka ku Lilongwe, a Kaphale n'kusankha mafunso oti womangidwa akafunse mboni. Mafunsowo sankalembedwa, ndinkawanyamula m'mutu. Kenako ndinkavula tayi, kuvala nsapato za matayala, kupalasa njinga mpaka kupolisi ndi mbale ya chakudya, n'kukanena kuti ndine mphwake wa mkaidi. Ndakhalapo mphwake wa Asilamu, wa Akatolika, ndi wa anthu a kudambwe. Palibe banja m'Salima muno lomwe lingandikane pamaliro.

Mlandu umene umandiwawa mpaka lero ndi wa Che Amidu, msodzi wa ku Senga Bay. Tsiku lina anayanika usipa pathandala, mvula n'kubwera mwadzidzidzi. Usipa ukanyowa ndiye kuti banja lagona ndi njala. Mkuluyo anathamanga, n'kutsomphola nsalu yoyamba imene anaiona pachingwe, n'kufunditsa nsomba zake. Inali nsalu ya mkazi wawo, Abiti Jafali, ija ya chipani yokhala ndi nkhope ya Mtsogoleri pakati. Anaona zimenezi ndi Bonifasi, mnyamata wa malaya ofiira yemwe ntchito yake inali kuyenda m'gombe kufunsa makadi a chipani ndi kulawa nsomba za eni. Dzuwa lisanalowe Che Amidu anali m'chitokosi, nsalu ili m'thumba ngati umboni.

A Kaphale atamva nkhaniyi anati, "Akafunse zinthu ziwiri zokha. Mboni inene chimene chinali pansalupo ndi chimene chinachitikira chinthucho. Ikatero, apemphe kuti nsalu ifunyululidwe."

Ndinaganiza kuti bwana apenga. Umboni wotipachika, ife n'kumaupempha tokha?

"Undipezere munthu m'dziko muno," anatero, "amene anganene mawu amenewo pagulu."

Ndinawaphunzitsa Che Amidu mafunsowo pawaya wa chitokosi, iwo akudya mpunga, ine ndikunamizira kufotokoza za mbuzi yodwala kumudzi. Anali munthu wofatsa, koma anandifunsa funso limene kukoleji sanatiphunzitse. "Mwanangu, nanga mwini nkhopeyo usipa sadya?"

Tsiku la mlandu m'khoti munadzaza asodzi. Wapampando anali bambo wokalamba wa magalasi, thukuta lili kamukamu ngakhale kunali mwera. Vuto linayamba ndi thumba lija. Wapolisi woimira boma sanadziwe poliika. Pansi kukanakhala kunyoza. Patebulo la wapampando ntchentche zinali zitayamba kale kulondola. Anangolifungatira pachifuwa ngati khanda, mphuno atalozetsa kuwindo.

Bonifasi anapereka umboni wake mozungulira. Anati anaona zoopsa, zosayenera, zomwe mwana wa fuko lino sangazipirire. Wapampando anafunsa ngati wozengedwa ali ndi funso. Che Amidu anaimirira, kofia ili m'manja.

"Bonifasi mwanawe, pansalupo panali chiyani?"

"Mukudziwa inu."

"Ine ndinkaona mvula. Iwe unaona chiyani?"

Mnyamata uja anatsegula pakamwa. Ndinamuona akuwerengera m'mutu: kuti atchule dzina lija, n'kuliphatikiza ndi mamba, ndi fungo, ndi ntchentche, m'chiganizo chimodzi, pamaso pa anthu onsewa, kalaliki akulemba mawu ake ndi dzina lake pamwamba. Anatseka pakamwa. Anayang'ana wapolisi, wapolisi anayang'ana windo.

"Chabwino," anatero Che Amidu. "Bwana, ndiye tiifunyulule nsaluyo tonse tione."

"Ayi, ayi, ayi!" Wapampando anachita kuimirira. "Muno ayi!"

Ndani akanaigwira? Ndani akanaitambasula m'mwamba ili ndi mamba ouma pachipumi? Khoti lonse la boma, ndi yunifolomu zake, linagonja kwa nsalu ya mayadi awiri. Wapampando anapukuta magalasi, n'kunena mofulumira kuti umboni ndi wosakwanira, wozengedwa apite kwawo.

"Alihamudulila!" anafuula Abiti Jafali. Asodzi anaomba m'manja mwakachetechete, monga tinkachitira zonse masiku amenewo. Ine m'mutu ndinali nditavala kale mkanjo wakuda, ndikulandira kupepesa kwa aphunzitsi a ku Zomba mmodzimmodzi.

Tinatuluka. Pansi pa mtengo wa mango panali Landirova, ndi amuna awiri ovala majekete, oti sanalowe n'komwe m'khotimo. Sanafunikire kumva chigamulo. Mmodzi anawagwira Che Amidu pamkono mwaulemu ndithu.

"Achimwene, tiyeni tikacheze pang'ono."

"Khoti lawamasula," ndinatero.

Anandiyang'ana kuyambira kunsapato za matayala mpaka kumutu. "Khoti lamaliza mbali yake. Ife sitinayambe."

"Nanga mpunga wawowu?" anafunsa Abiti Jafali, mbale ili m'manja. "Sanadye chiyambire m'mawa."

"Akadya konko, mayi."

Landirova inanyamuka. Mayi uja anatsala ataimirira pafumbi ndi mbale yofunda, ndipo khamu lonse lija linasungunuka ngati mchere.

Ndinathamangira ku Lilongwe kukafunsa kuti tsopano tilemba pepala lanji, tipita khoti liti. A Kaphale anati palibe. Munthu wotengedwa motero analibe mlandu, ndiye panalibenso chokana. Taganizani inu: boma limange khoti lake, liike woweruza wake, liletse loya, libweretse mboni yake, ndiye likaluza m'bwalo lake lomwelo n'kungotumiza galimoto. Nanga ankativutitsiranji ndi mabenchi?

"Kunja kuli makhoti komwe munthu wamba amasumira boma lake," anatero bwana, akuyang'ana kudenga. Ndinaseka, poyesa kuti akundisangalatsa.

Che Amidu anabwerako dzinja litabwera n'kubweranso kangapo. Mano akutsogolo analibe, bwato lawo linali litawolera pamchenga. Za kumene anali sananenepo kanthu mpaka kumwalira. Koma mitambo ikachita bii, ankangoima n'kumayang'ana usipa ukunyowa.

Chaka chatha mdzukulu wa a Kaphale anabwera kudzandiona. Ndi loya kukhoti lija la kunja loona za ufulu wa anthu, lomwe ine ndinkaliyesa nthabwala. Amavala mkanjo, amalankhula pamaikolofoni, omasulira n'kumatembenuza mawu ake m'zinenero zingapo, ndipo palibe amamuuza kuti anamizire kukhala mphwake wa munthu. Anandiuza mosangalala kuti awina mlandu wotsutsana ndi boma lina, la munthu amene linamutsekera popanda chifukwa. Chigamulo chake akuti n'chonenepa ngati mtsamiro.

"Zikomo mwanawe," ndinatero. "Nanga munthuyo wafika kwawo?"

Anati bomalo likuganizirabe.

Ndinamuuza chinthu chimodzi chokha chimene ndinaphunzira pa ntchito ija, chomwe ku Zomba sichinali pamayeso. Mlandu suthera pakamwa pa woweruza. Umatha munthu akalowa m'nyumba mwake n'kusamba m'manja. Akafika kwawo n'kudya, undiimbire foni, ndidzavala tayi ija. Ikadalipo.