Zikope za Tadala zatupa, chinkhoswe chili Loweruka

Mwaswera bwanji nonse. Tangofika kumene kuchokera kuchipatala ndi mwana wanga Tadala.

Wadzuka m'mawa uno zikope zitatupa, zofiira, khungu likusendeka. Nditamuyitana, wachita kutukula chikope ndi chala kuti andione. Abale anga, pomwepo tathamangira kuchipatala.

Adokotala atamufunsa zimene amadzola, watulutsa kabotolo m'chikwama. Ndi mafuta akumaso amene amayi ake a Yamikani, mwamuna wodzamukwatira uja, anamugulira ku Zobue kuti adzawale pa chinkhoswe. Zolemba zake ndi za Chipwitikizi, palibe anaziwerenga.

Chandipweteka ndi ichi: kuyabwa kunayamba tsiku loyamba lomwe, koma iye sanasiye. Akuti amayiwo amamuyimbira n'kumufunsa, "Mukudzolatu, mwananga?" Ndiye amaopa kuoneka ngati wanyoza mphatso ya apongozi. Mwana wanga amadzola uku misozi ikutuluka.

Adokotala ati mafutawo sakugwirizana ndi khungu lake. Asiyiretu, asatikite m'maso, aziyika kansalu konyowetsa m'madzi ozizira, ndipo zophoda zonse ayiwale kaye. Amupatsanso mankhwala. Diso lenilenilo ati lili bwino, tithokoze Mulungu.

Tsopano Tadala akundichonderera kuti ndisawauze amayiwo. Koma iwowo akubwera mawa kudzakambirana za Loweruka, ndipo anena pafoni kuti amutengera botolo lina.

Amalume, azakhali, tiwauze bwanji osawakhumudwitsa? Chifukwa ine sindilola kuti mwana alowe m'banja ataphunzira kale kupirira ululu chifukwa cha ulemu.