Galasi lopaka mwaye

Ndikukumbukira chaka cha kadamsana wa dzuwa. Panali patapita zaka zingapo chibwerereni ku Milange kuchokera kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, koma bambo anali akukonzabe nyumba yathu yakale. Mazenera ake anasweka pankhondo, moti zidutswa za magalasi zinali mbwee kuseri.

Wailesi inachenjeza kuti munthu asayang'ane dzuwa. Ine, mtsikana wodzimva nzeru, ndinati zimenezo n'zazing'ono. Tsiku la kadamsanalo ndinatola chidutswa chimodzi n'kuchiwamba palawi la koloboyi mpaka chinada bii ndi mwaye. Nditayang'anira pamenepo, dzuwa linaoneka lofiira ngati khala lamoto, losathobwa m'maso n'komwe.

Zeka, mlongo wanga wamng'ono, yemwe ankanditchula kuti mana, kutanthauza achemwali m'Chipwitikizi, anandikoka chitenje. "Mana, inenso ndione!"

Ndinamupatsa. Ana ena ankangosuzumira n'kubweza, koma iye, poti galasi linali lakwathu, analikakamira, diso lakumanja lili tong'o kumwamba.

"Sizikuwawa?" ndinamufunsa.

"Olo pang'ono, mana."

Ndinamusiya, mtima uli m'malo, ndikumva kukoma anthu akunditama.

M'mawa mwake anayamba kudandaula kuti pakati pa chilichonse akuona kadontho kakuda. Amayi anamusukusula kangapo, koma kadontho sikanachoke. Kuchipatala anati mkati mwa diso mwapsa. Kunyumba palibe anandikalipira. Bambo anangoti, "Unkafuna kumusangalatsa, mwanangu." Kunali bwino akanangondikwapula.

Zomwe zinachitika ndinadzazimvetsa ndili ku sekondale. Kuwala kwa dzuwa kuli ndi mitundu yambiri, ndipo mwaye sumeza mitunduyi mofanana. Umameza kwambiri kuwala kwa buluu, kofiira n'kumapyolako. N'chifukwa chake dzuwa limafiira nyengo yotentha tchire, utsi ukadzaza mlengalenga. Ndiye pali kuwala kwina kosaoneka ndi maso, kotentha, komwe kumadutsa mwaye mosavuta kuposa konseko. Galasi langa linatsekereza kuthobwa kuja, komwe kukanachititsa Zeka kuphethira n'kuyang'ana kumbali, koma linalowetsa kowotcha.

Lero Zeka ndi telala pamsika wa Milange. Akamalowetsa ulusi pasingano amapendeketsa mutu kuti aone ndi diso lamanzere, ndipo amachita nthabwala kuti akutsinzinira makasitomala. Anthu amaseka, ine kuseka kumandikanika. Ndikudziwa tsopano kuti ululu ndiwo ukanateteza diso lake tsiku lija, ndipo amene anauchotsa ndine.